Mkwekwe Wolunjika ku Khola Langa

Kuphiri, Abruzzo, Italiya
Mwezi wa Seputembala

Achemwali anga okondedwa a Menka,

Ndiyambe ndi kukupatsani moni ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kaya mwendo wa amayi uli bwanji poti kuzizira kwayandikira? Ndikhulupirira kuti tsabola mwayamba kale kuwotcha ndipo pakhomo ponse pali utsi wokhawokha. Ine m'thupi ndili bwino, kungoti dzanja lamanzere ndalimanga nsalu, koma likupola. Chomwe chadwala ndi mtima.

Mudabwa kuona kuti Spase walemba kalata, munthu woti cholembera anachisiya pa benchi ya kusukulu. Foni ya kwanuko ili m'chipinda momwe amayi amakhala tsiku lonse, ndipo mukudziwa kuti makutu awo amagontha pokhapokha tikamawakumbutsa za mankhwala. Nkhani iyi sindikufuna aimve kaye, ndidzawauza ndekha. Ndi ya mng'ono wathu Naum. Wakwera basi yobwerera kwathu ku Gostivar ndipo afika kumeneko kalata ino isanafike. Akuuzani kuti ntchito yatha msanga chaka chino. Ntchito sinathe ayi. Ndikulemba kuti mudziwe chomwe wachita ndi chomwe ine ndamuchita, chifukwa mpaka lero sindikudziwa ngati ndikadali ndi mng'ono kapena ayi.

Mukudziwa kuti ine ndimaweta nkhosa za a Panfilo, ndipo Naum chaka chatha analowa ntchito kutsidya kwa chigwa, kwa a Concezio, aja a ng'ombe ndi mahatchi. Akuluakulu awiriwa anaphunzira kalasi imodzi, koma akakumana m'sitolo wina amayang'ana mchere wina shuga. Chowadanitsa ndi dambo la pamwamba, la Fontefredda, pomwe pali kasupe wosaphwa ndi msipu wobiriwira ngakhale kwina konse kutauma. Dambolo ndi la mudzi wonse, khonsolo ndiyo imagawa chaka ndi chaka. A Panfilo amati agogo awo ankadyetsa pamenepo. A Concezio amati agogowo anafa ndipo nkhosa zawo zinadyedwa kalekale, udzu sudziwa dzina la munthu. Lamulo la m'mudzi muno ndi lakuti wopatsidwa dambolo akatsitsa ziweto tsiku la Mikayeli Woyera, kumapeto kwa Seputembala, lisanakwane, chaka chinacho limapita kwa wina. Chaka chino linapatsidwa kwa a Panfilo. Ndiye mukuona, chomwe a Concezio ankafuna n'chakuti ife titsike msanga.

Chilimwe chonse kunali timikangano ta masiku onse. Tsiku lina ndinapeza ng'ombe zapondaponda momwera nkhosa mpaka madzi asanduka phala. Tsiku lina waya wa mpanda atadulidwa. Ku msonkhano wa khonsolo ndinamva kuti a Concezio anatcha bwana wanga mbusa wa utitiri, iwonso n'kubweza kuti ng'ombe za a Concezio sizidziwa nkhope ya mwini wake, zimangomumvera mbiri. Ine ndi Naum tinkangoseka. Lamulungu tinkakumana pa kasupe, ine ndi tchizi, iye ndi kabotolo ka rakiya, kachasu wa kwathu uja, kamene alamu anatumiza, n'kumati za eni ake izi, ife ndife alendo. Ankandinena kuti ndikununkha nkhosa moti sindidzakwatira, ine n'kumuuza kuti bola ine, iye ntchito yake ndi kuthamangira michira ya ng'ombe zosadziwa ndi dzina lake lomwe.

Za mimbulu ya kuno ndinakuuzani kale. Kuno mmbulu ndi mwana wa boma, ukauwombera umakagona kundende ndiwe. Nayonso ikudziwa zimenezi, moti imayenda masanasana, kukuyang'ana m'maso ngati ikufunsa kuti wadzatani. Komabe ine sindinkada nkhawa kwenikweni. Ndinali ndi agalu awiri oyera a bwana, komanso Karaman wathu, mwana wa Mechka, galu wa malemu abambo, yemwe Naum anamubisa m'jekete pa basi ali kamwana tikubwera kuno koyamba, n'kumatsokomola dala pa malire kuti asilikali asamve kulira kwake. Zaka zonsezi mimbulu inkazungulira kutali, fungo la Karaman lokha linkaikwanira.

Kumapeto kwa Ogasiti zinthu zinasintha. Mimbulu inabwera n'kugwira nkhosa imodzi. Sabata isanathe inagwiranso ziwiri. Chinandizunguza mutu n'chakuti sinkasakasaka monga imachitira, inkafika molunjika ngati mlendo amene wamulongosolera njira bwinobwino. Ndinamuuza Naum pa kasupe paja. Anangoti mwina chaka chino yaswana yambiri, n'kuyamba kukamba za nsapato za mwana wake.

Ndiye kunabwera tsiku la chifunga. Inali nthawi ya masana, kukugwa kamvula kowaza, moti kutambasula dzanja sunkaona zala. Ndinangomva mabelu a nkhosa akulira mbali zonse nthawi imodzi, ena kumtunda, ena kumunsi, ndipo ndinadziwa kuti gulu lagawidwa. Agalu oyera aja anathamangitsa mimbulu iwiri kulowera kunkhalango, osadziwa kuti imeneyo inatumidwa kudzawachotsa. Yotsalayo inalowa pakati. Ine ndinkangothamanga ndi ndodo, kukuwa, kugwa m'miyala, kumenya chifunga. Achemwali, ndakulira m'makola, koma zotere ndinali ndisanazionepo. Sinkadya ayi, inkangogwira pakhosi n'kusiya, kugwira ina n'kusiya.

Chifunga chitayera dambo lonse linali mbwee nkhosa. Ndinayamba kuwerenga koma ndinasiyira panjira. Zina zinali zikupumabe ndipo ndinazimaliza ndekha ndi mpeni. Karaman ndinamupeza pafupi ndi kasupe, mimba yong'ambika, m'kamwa muli ubweya wotuwa. Pomunyamula anandiluma dzanja chifukwa cha ululu, kenaka atandizindikira anayamba kunyambita pomwe analumapo. Ndiko kumanga nsalu ndanena kuja. Sanafike kukhola, anafera m'manja mwanga.

A Panfilo atakwera kudzaona, anavula chipewa n'kukhala pamwala. Munthu wamkulu uja, wolusa ngati mavu, analira ngati kamwana. Nkhosa zina ankazitchula maina. Atatha anati basi, Fontefredda atenge amene akumufuna, iwo sangathere chuma chonse pa udzu. Ndinawapempha kuti andipatse masiku pang'ono ndisonkhanitse zomwe zinabalalika m'mapiri, ndipo anavomera.

Ndi posakasaka nkhosa zimenezo pomwe ndinaona mkwekwe. Udzu unali utagona mbali imodzi, ngati pomwe pakokedwa thumba, ndipo m'mbali mwake munali mapazi a hatchi. Poyamba ndinkati wina amakoka nkhuni. Nditautsata pang'ono ndinaona mwala waphwatalala utakhala pamalo pomwe si pake, mbali ya dothi ili kumwamba. Ndinautembenuza ndi phazi. Pansi pake panali kachidutswa ka chifu cha nkhosa, kowauka pamoto, kokulungidwa mu ubweya wopserera.

Inu mukudziwa chimenechi, achemwali. Ndinu amene munkasonkhezera moto abambo akamawaula chifu m'nyengo yachisanu, n'kumadandaula kuti tsitsi lanu linunkha mpaka Pasaka. Ankachimanga kumbuyo kwa hatchi n'kuchikoka, ndipo akayenda kamtunda ankadula kachidutswa n'kukapsinja ndi mwala kuti akhwangwala asatole, koma fungo lizituluka. Mimbulu inkatsata mkwekwewo kuchoka kufupi ndi makola mpaka kuphompho kuja komwe amuna a m'mudzi ankaidikira ndi mfuti. Ndipo mukukumbukira zomwe ankanena nthawi zonse pomanga chingwe, kuti mkwekwe umachoka ku khola, sulowera ku khola, ngakhale kholalo likhale la munthu amene anakuphera bambo ako.

Ndinautsata mkwekwewo mbali zonse ziwiri. Unayambira kunkhalango kuja komwe mimbulu imaswera, n'kukwera chitunda, mwala ndi mwala, zidutswa zina zouma zina za posachedwa. Unathera poti ukaponya mwala ukhoza kugenda chitseko cha kanyumba komwe ndimagona. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa. Anthu a kuno sadziwa ntchito imeneyi, iwo amadziwa poizoni ndi makhoti. M'chigwa chonse chino anthu odziwa kuwaula chifu ndi kuchipsinja ndi mwala tilipo awiri, ndipo mmodzi ndine.

M'mawa mwake ndinatsikira kwa a Concezio. Naum ndinamupeza m'khola akupesa hatchi. Anandilonjera mwansangala, n'kufunsa kuti kodi nkhosa zandithamangitsa, poti silinali Lamulungu. Ndinangotulutsa kachidutswa kaja m'thumba n'kukaika pa chodyeramo hatchi. Mumtima ndinkapemphera kuti akane, andinamize, anditukwane kuti ndapenga. Sanakane. Nkhope yake inangotuwa ngati phulusa.

Anati zinayamba ngati macheza. Tsiku lina a Concezio anamuthirira vinyo n'kumufunsa kuti kwanu mimbulu mumathana nayo bwanji, iye n'kuyamba kudzitama ndi nzeru za abambo. Bwanayo anamvetsera mpaka pamapeto, kenaka n'kufunsa ngati hatchi ingakane kuyenda molowera kwina. Anamulonjeza kuti amukonzera mapepala oti mkazi wake Dafina ndi ana abwere adzakhale naye kuno. Naum anati iye ankaganiza kuti mmbulu udzagwira imodzi kapena ziwiri, a Panfilo achite mantha, atsike, nkhani ithere pomwepo. Anati m'mutu mwake munali mimbulu ya kwathu, yoyenda iwiriiwiri, yoti munthu ukatsokomola imathawa mpaka ku Albania. Anaiwala kuti kwathu kumapeto kwa mkwekwe kumakhala mfuti, pomwe kuno kunali ine ndi ndodo.

Ndinamufunsa ngati ankadziwa yemwe amagona m'kanyumba kaja. Yankho lake ndi lomwe likundisowetsa tulo mpaka lero. Anati ankadziwa, ndipo n'chifukwa chake sanaope. Akuti akanakhala mbusa wina sakanayerekeza, koma poti munali inu achimwene ndi Karaman, ankadziwa kuti palibe choopsa chingachitike. Ndiye kuti anandisankha chifukwa chondikhulupirira. Tandiuzani, achemwali, mawu otere munthu amawayankha bwanji?

Kenaka anafunsa kuti nanga Karaman ndamusiyira yani. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti sanamve. Za nkhosa anamva m'mudzi, koma za galu palibe anamuuza, poti kwa anthu a kuno anali galu chabe wa mlendo. Ndinamuonetsa dzanja n'kumuuza pomwe ndinamukwirira. Anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala m'ndowe, chipeso chili m'manja.

Tili choncho analowa a Concezio, n'kufunsa moseka kuti Amakedoniya awiri akupangana zotani m'khola mwawo. Ataona kachidutswa kaja kuseka kunatha. Sanadikire n'komwe kuti wina awafunse. Anati iwo zonyansa zimenezo sazidziwa, ndi ufiti wa kwathu, ndipo ngati wantchito wawo amatenga hatchi mwakuba kukachita zamisala, mlandu ndi wake. Anamuuza Naum kuti adzuke m'ndowemo, akuchititsa manyazi pakhomo pawo. Munthu yemweyo amene ankamuthirira vinyo. Naum anangomuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Pobwerera kuphiri ndinayenda ngati woledzera. Ndikanakhala chete, a Panfilo akanatsitsa nkhosa, dambo n'kupita kwa munthu amene anatumiza mimbulu. Awa ndi a Panfilo omwe anandinyamula pamsana chaka chomwe ndinathyoka nthiti, omwe pa Khirisimasi amandikhazika patebulo pamodzi ndi ana awo. Koma kulankhula kunali kupereka mwana wa amayi anga kwa apolisi a dziko la eni. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma fupa limeneli linandiima pakhosi, losamezeka, losalavulika.

Ndinawatenga a Panfilo n'kukawaonetsa miyala ija umodziumodzi. Poyamba sanamvetse, ankati ndi zamatsenga. Nditawafotokozera mmene zimayendera anatukwana mpaka mawu anawathera, n'kuimbira apolisi a zankhalango, omwe anati adzabwera Lolemba kudzandifunsa. Kenaka anandifunsa kuti m'chigwa muno angadziwe ntchito yotere ndani. Ndinawauza kuti ndidzayankha Lolemba lomwelo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti nawonso anali ndi mng'ono wawo, ndipo sanafunsenso.

Loweruka ndinamuitanitsa Naum pa kasupe. Ndinamuuza kuti Lolemba ndifunsidwa ndipo sindinama, koma basi ya kwathu imanyamuka Lamulungu. Anandichonderera, achemwali. Anati ndingonena kuti sindikudziwa, palibe angatsutse, miyala silankhula. Anati ndiganizire Dafina amene wauza kale mudzi wonse kuti akupita ku Italiya. Anati kodi nkhosa za bwana zaposa magazi athu? Ndinamuuza kuti si nkhani ya nkhosa za bwana, ndi yoti anatenga chimene abambo anatipatsa kuti tizitetezera makola n'kuchilozetsa pakhomo panga. Anakwiya, n'kunena kuti ine ndakhala wolungama chibadwire, n'chifukwa chake ndimacheza ndi agalu okha. Kenaka analira. Ine misozi inakana, ndinangoti akakwere basi.

Sindinamuperekeze. Ndinangopereka tchizi ndi buledi kwa dalaivala kuti akamupatse akadutsa malire, osanena kuti zachokera kwa yani.

Lolemba apolisi anabwera awiri. Ndinawayendetsa mkwekwe wonse, anajambula miyala, anatola zidutswa. Atandifunsa dzina ndinalitchula, pamodzi ndi la a Concezio ndi zomwe anamulonjeza. Wolembayo anandiuza kuti nditchulenso dzina la bambo wa munthuyo pang'onopang'ono. Atalemba anayang'ana pamwamba pa pepala pomwe panali dzina la bambo wanga, n'kudzutsa mutu. Ndinati inde, mimba imodzi. Anangotseka cholembera. Mawu amenewo anatuluka m'kamwa mwanga, ndinawamva ndi makutu anga, koma mpaka pano ndikuona ngati ananena ndi munthu wina.

Mmene zilili tsopano ndi izi. A Concezio akukanitsitsa ndipo apeza loya, kaya mlanduwo udzatha liti. Naum kuno sangabwerenso, akangoponda amugwira. M'mudzi anthu agawikana, ena akuti ndachita chamuna, ena akandiona m'sitolo amanong'onezana kuti uyu ndi uja anagulitsa m'bale wake chifukwa cha udzu. Anzathu a kwathu omwe amaweta m'mapiri oyandikana nafe, ena asiya kundiyankha moni. A Panfilo asintha maganizo, akuti sititsika mpaka tsiku la Mikayeli likwane, ndipo akwera kudzakhala nane m'kanyumba muno ngakhale msana ukuwavuta. Miyala ija tinachotsa yonse, koma mimbulu ikubwerabe kudzera momwemo. Njira inaiphunzira, siifunanso wolondolera.

Pempho langa ndi limodzi. Ndamva kuti galu wamkazi wa alamu, mdzukulu wa Mechka uja, ali ndi bere. Akaswa mundisungire kamodzi, chifukwa agalu oyera a kunowa mtima ali nawo koma nzeru n'zochepa, ndipo chaka chamawa sindingakwere kuno popanda galu wa kwathu. Koma asasankhe alamu, asankhe Naum. Ngakhale zili chonchi, palibe munthu wodziwa kuyang'ana kagalu kongobadwa kumene n'kuona mtima wake ngati iye. Akalere yekha m'khola pakati pa ana a nkhosa nyengo yonse yachisanu, azikadzukira m'mawa uliwonse, asakapatse ana kuti azisewera nako. Mumuuze kuti ndapempha ndine, musawonjezerepo mawu ena. Chipale chofewa chikasungunuka ndidzabwera kudzakatenga ndekha, ndipo pamenepo m'pamene ndidzadziwe ngati ndingathe kukhala naye patebulo limodzi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti masokosi aja anandikwana ndipo ndikudya bwino. Moni kwa alamu, kwa ana anu onse, kwa azakhali ndi kwa amalume a kumunsi kwa tchalitchi. Kwa mlamu wanga Dafina moni wapadera, ngakhale ndikudziwa kuti akamva zonse sadzafuna kumva dzina langa. Ana ake muwapsompsone m'malo mwanga, iwo sanalakwe kanthu.

Kwa Naum ndayesa kulemba moni koma dzanja lakana. Kungoti wachoka kuno ataonda kwambiri, ndipo mukumudziwa, akakhala ndi manyazi amanama kuti wadya kale. Musamukhulupirire, muzimuikira mbale.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani kuphiri kuno,

Spase